Mutu 7: Tsiku Limene Namzeze Anamanga Mpweya

1. Kaphokoso

Namzeze anali mtsikana wothamanga, osati zocheza ayi. Pa mpikisano wa sukulu zonse za m'tauni anawasiya anzake kutali, moti wachiwiri pofika pamzere anamupeza atanjuta kale, manja ali pamawondo, akupuma. Kunjutako kunali chizolowezi chake. Akamaliza liwiro sankaima chilili ngati anzake. Akochi ankamuseka kuti, "Namzeze wathuyu m'mwamba ndi mbalame, koma akatera ndi chule."

Tsiku la mpikisanolo kunabwera alendo ochokera kusukulu ya zamasewera, ija yogonera komweko, kumene mwana amaphunzira m'mawa n'kumathamanga masana, makolo osavutika ndi kalikonse. Anasankha ana ochepa, ndipo Namzeze ndiye anali woyamba kutchulidwa. Chinatsala chinthu chimodzi chokha: dokotala awamvetsere pachifuwa. Wopezeka ndi vuto la mtima, malo ake apita kwa wina.

Apa ndiye panali minga. Chaka chatha Namzeze atadwala malungo, namwino wa pachipatala chaching'ono anamuika chomvetsera pachifuwa, namvetsera nthawi yaitali. Kenako anauza amayi ake kuti mumtima mwa mwanayo mukumveka kaphokoso, ngati mphepo yolowera pamng'alu wa chitseko. Anati ana ambiri amakhala nako ndipo sikawavuta, komabe ndi bwino akamuone kuchipatala chachikulu. Malungo atatha, nkhaniyo inathanso. Si iwo okha: munthu akachira, njira ya kuchipatala imamera udzu.

Panalinso china chimene Namzeze sanauzepo munthu. Kunjuta kuja sikunali kudzionetsera. Akaima mwadzidzidzi pambuyo pa liwiro, m'maso munkabwera mdima, makutu n'kumalira. Akanjuta, mdimawo unkachoka. Ankazidziwa yekha, ndipo anatseka pakamwa.

2. Mawu a amayi

M'mawa wa tsiku loyezedwa anapeza amayi ake ali kale pamakina. Amayiwo anali telala, ndipo chipinda chochezera ndicho chinali shopu yawo: makina pawindo, zidutswa za nsalu mudengu, mayunifolomu a ana a eni atapachikidwa pachingwe. Pamakinapo panali jekete yobiriwira imene ankasokera Namzeze, yoti akavale kusukulu yatsopanoyo. Inangotsala zipi.

Mng'ono wake, Mzime, anali atavala nsapato zothamangira za mkulu wake, akuzungulira tebulo. Kamtsikanako chilichonse kankatengera achemwali ake, kayendedwe ndi kamangidwe ka tsitsi komwe.

"Vula nsapato zanga, iwe!"

"Mukapita mundisiyira eti, achemwali?"

"Ndikusiyira makofi."

Amayi anaimitsa makina, nachotsa singano imene anailuma pakamwa.

"Takhala pansi, mwanawe, ndikuuzeko mawu awiri."

"Ndichedwa, amayi."

"Uchedwe. Dokotala sathawa."

Namzeze anakhala pampando wa makasitomala, phazi likugundagunda pansi.

"Ine sindinapite patali ndi sukulu, za mitima sindizidziwa," anayamba amayi. "Chimene ndikudziwa n'chakuti bambo ako anali amphamvu kuposa amuna onse a mumsewu muno. Thumba la simenti ankaliponya palole ngati pilo. Sanagonepo m'chipatala. Koma masiku ena akaweruka ankafikira kukhala pakhomo apo, atagwira pachifuwa. Ndikawafunsa ankati, 'Ndi kutopa chabe, amake mwana, musauze anthu angandichotse ntchito.' Tsiku limene anagwa, anagwa thumba lili paphewa. Anzawo anayamba ndi kuseka, poganiza kuti apunthwa. Pamene ine ndinkafika n'kuti atawafunditsa kale nsalu."

Mzime anasiya kuzungulira tebulo. Nkhani ya bambo sinkakambidwa kawirikawiri m'nyumbamo.

"Ndiye tamvera. Jekete iyi ndikuisoka ndi mtima wonse, ndipo palibe amene akufuna kuti upite kuposa ine. Koma ukalowa kwa adokotala, ukawauze za kaphokoso kaja iwe mwini, asanakufunse. Akati puma, ukapume monga umapumira masiku onse. Akati tsokomola, ukatsokomole. Dokotala si mphunzitsi woti umubere mayeso. Ukamunamiza, iye apita kwawo kukadya bwinobwino, thupi lonamiziridwalo utsala nalo ndiwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwanawe. Ine ndinaika kale mmodzi. Sindikufuna mendulo yopachika pakhoma pafupi ndi chithunzi cha mwiniwake."

"Ndamva, amayi."

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi. Linalo linali kale kusukulu ya zamasewera.

3. Nzeru za Profesa

Ana oyezedwa anawaika pamzere pakhonde la holo ya sukulu. Dokotala anali m'kachipinda kosungira mipira, ndipo mzere unkayenda ngati nkhono. Chapatali pang'ono, pabenchi, panakhala mtsikana uja anafika wachiwiri pa mpikisano. Iye sanasankhidwe, koma akochi anamuuza kuti adikire, mwina wina alephera. Anakhala phee, manja pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene sakudziwa ngati ibwera.

Woyang'anira mzere anali mnyamata wa m'kalasi mwa Namzeze amene onse ankamutcha Profesa. Anali ndi magalasi omanga ndi waya, ndipo panalibe funso limene analiyankhapo kuti sindikudziwa. Pasukulu yonse iye yekha ndiye ankadziwa za kaphokoso kaja, chifukwa Namzeze anamufunsapo tsiku lina atatuluka mu phunziro la sayansi.

"Nkhope yagwa bwanji, Namzeze? Ukuopa kachitsulo ka adokotala?"

"Akamva kaphokoso kaja, zanga zada."

Profesa anayang'ana uku ndi uku, namukokera kuseri kwa chipilala.

"Mwayi wako uli ndi mnzako wophunzira. Tamvera bwino. Mtima supopa magazi amene sunalandire. Ukamakoka mpweya, chifuwa chimatambasuka, ndipo chimayamwa magazi kuchokera m'mitsempha ikuluikulu kubwerera kumtima. Magazi akachuluka, kaphokoso kamamveka. Ndiye iwe uchite zosiyana. Adokotala akaika kachitsulo, utseke kukhosi, umange mpweya, ukankhire pansi ngati uli kuchimbudzi ndipo zinthu zavuta."

"Iwe Profesa, ulibe manyazi!"

"Sayansi ilibe manyazi. Chifuwa chikalimba choncho, mitsempha imapanikizika, magazi obwerera kumtima amachepa. Magazi ochepa, phokoso lochepa. Unamvapo mtsinje wouma ukulira?"

Namzeze anakayika. Profesa anamugwira dzanja, naika zala za mtsikanayo pamtsempha wa pamkono wake winawo.

"Wamva kugundako? Tsopano manga mpweya. Kankha. Kankhabe."

Namzeze anakankha. Pansi pa zala zake kugunda kuja kunayamba kuchepa mphamvu, kunkangoti tsee, tsee, ngati kukupita kutali. M'maso munadutsa kamdima, ndipo anaulekerera mpweyawo msanga.

"Waona? Ine sindinama."

"Wazitenga kuti zimenezi?"

"Pafoni ya achimwene anga. Dokotala weniweni, wa jasi yoyera, akuphunzitsa ophunzira ake."

"Unaonera mpaka kumapeto?"

"Bandulo inatha atangonena kuti koma pali mitundu ina. Zotsalazo ndi zokometsera chabe, mfundo ndinaigwira."

Abale inu, ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo! Munthu wodekha akanafunsa kuti mitundu inayo ndi iti. Koma Namzeze sanafunse. Anayang'ana pabenchi paja, naona mtsikana wachiwiri uja akupukuta fumbi pansapato zake, ngati akuzikonzekeretsa ulendo. Mtima unamuwawa. Malo amenewa anawathamangira yekha, ndi miyendo yake, m'mawa uliwonse anzake ali m'tulo.

"Wotsatira!" anaitana akochi.

4. Kuseri kwa nsalu

M'kachipindamo munali mipira yophwa, maukonde ong'ambika ndi madesiki othyoka atasanjikizidwa pakona. Munkanunkha fumbi ndi mphira. Pakhomo anapachika nsalu ya pabedi kuti akunja asamaone. Dokotalayo anali mayi wa imvi zoyamba kumene, ndipo ankaoneka kuti watopa, poti kuyambira m'mawa ankangomvetsera zifuwa za ana a eni.

"Khala apa, mwana wanga. Unayamba wauzidwapo kuti uli ndi vuto la mtima?"

"Ayi."

"Umakomoka, kapena kuona chizungulire ukathamanga?"

"Ayi."

"Kwanu alipo wodwala mtima?"

"Palibe."

Mayankho awiri oyambawo anali mabodza ndithu. Lachitatulo Namzeze ankaliona ngati loona, chifukwa bambo ake sanadwalepo. Anangogwa.

Dokotala anaika zingwe za chomvetsera m'makutu, nagunditsa kachitsulo kozizira pachifuwa pake.

"Puma bwinobwino."

Namzeze anapuma. Kachitsulo kanasuntha, kanasunthanso, kenako kanaima chakumanzere kwa fupa la pakati pa chifuwa. Dokotala anapendeketsa mutu pang'ono. Namzeze ataona mutu ukupendekeka, mantha anamugwira. Amva, basi amva! Anatseka kukhosi, namanga mpweya, nakankhira pansi ndi mphamvu zake zonse za wothamanga.

Dzanja la dokotala linali litanyamuka kale kupita kukhutu kukachotsa chingwe. Linaima m'malere. Kenako linabwerera pang'onopang'ono, ndipo kachitsulo kanakanikizidwa kwambiri.

"Chitanso," anatero dokotala.

"Ndichite chiyani, adokotala?"

"Chimene wachitachi. Mitsempha ya m'khosi yatupa ngati zingwe, nkhope yachita kuda, ndiye ukuganiza kuti ndine wakhungu? Manganso mpweyawo."

Namzeze anamanga. Dokotala anamvetsera, maso ali pakhoma, tulo tonse titamuchoka pankhope.

"Lekerera. Tsopano njuta."

Namzeze ananjuta, kachitsulo kali pomwepo.

"Imirira msanga."

Anaimirira. Mdima uja unabwera, makutu n'kulira, ndipo akanapanda kugwira desiki akanagwera pamipira. Dokotala anamugwira paphewa namukhazika pansi.

"Chizungulire chimene sumachiona chija ndi chimenechi, eti?"

Namzeze anayang'ana pansi. Dokotala anavula chomvetsera, namuveka mtsikanayo m'makutu.

"Zimve wekha, usadzati ndakusemera chinyau. Puma kaye."

Namzeze anamva mtima wake ukugunda, ndipo pakati pa kugundako, chapatali, kamphepo kakang'ono.

"Tsopano manga."

Kamphepo kaja kanakula. Kanasanduka mkokomo waukali, fuu, fuu, ngati munthu akupala thabwa. Kalanga ine! Mtsinje wa Profesa uja sunaume. Unalira kuposa kale.

5. Thumba lopanda kanthu

"Anakuphunzitsa ndani?" anafunsa dokotala.

"Mnzanga."

"Mnzakoyo sananame, anangokupatsa theka. N'zoona kuti ukakoka mpweya chifuwa chimathandiza magazi kubwerera kumtima, ndipo ukaumanga n'kukankha, obwererawo amachepa. N'zoonanso kuti timaphokoso tambiri timachepa ukatero. Koma pali mitundu yochepa imene imachita zosiyana, ndipo umodzi mwa iyo ndi umene ife timauopa kwa ana othamanga."

Anatola thumba la mipira limene linali pansi, lopanda kanthu, naliimika. Linagwa, kukamwa kwake n'kutsekeka.

"Thumba lopanda kanthu siliima. Chipinda cha mtima chimene chimapopera magazi m'thupi lonse chili chimodzimodzi. Chikadzaza, makoma ake amatalikirana, khomo lotulukira magazi limakhala lotseguka. Chikaphwa, makoma amayandikana. Kwa munthu wamba zimenezi sizivuta. Koma anthu ena amabadwa ndi khoma lapakati lonenepa, ndipo kunenepako kumakhala pafupi ndi khomo. Magazi akachepa, khoma lija limatsekereza khomo, magazi n'kumatuluka mopanikizika. Mkokomo wamva uja ndi umenewo. Ukanjuta, miyendo imafinyira magazi kubwerera kumtima, thumba limadzaza, khomo limatseguka, mdima umachoka. Ukaima mwadzidzidzi magazi amatsikira kumiyendo. Thupi lako linadzipezera lokha mankhwala, iwe n'kumabisa."

"Ndiye kuti ndikudwala?"

"Khutu langa lokha silingagamule. Pafunika makina ojambula mtima, kuchipatala chachikulu. Mwina tikapeza kuti ndi china chopepukirapo. Koma mpaka tsiku limenelo, suthamanga. Ngakhale kuthamangira basi."

Namzeze anagwada pafumbi pomwepo.

"Adokotala, ndikupemphani, musawauze akochi. Ndathamanga zaka zonsezi osagwa. Mundilole ndipite, ndikayezetsa ndili komweko, ndikulonjeza. Amayi anga asoka kale jekete."

"Dzuka, usandigwadire, ine si Mulungu," anatero dokotala. "Ndikuuze zoona, ngakhale zikuwawe. Poyamba paja kaphokoso kako kanali kakang'ono, konga kamene ndamva kwa ana angapo lero lomwe. Unandiuza kuti suona chizungulire, unandiuza kuti kwanu kulibe wodwala, ndipo panja pali mzere. Ndinatsala pang'ono kukuuza kuti vala, uzipita. Wandiimitsa ndiwe."

Mawu amenewa anamulasa Namzeze kuposa ena onse. Akanangopuma! Akanangopuma monga ananenera amayi, bwenzi pano ali panja akuvina. Analira mokweza, osasamala kuti nsalu ya pabedi sitchinga mawu.

Dokotala anamusiya alire, kenako anapitiriza.

"Ndikudziwa chimene ukulirira. Ukuti bodza lakulanda malo. Koma tamvera, mwana wanga, wakutsina khutu ndi mnansi. Kusukulu imene ukuifunayo sathamanga ngati kuno. Kumeneko amakudzutsa dzuwa lisanatuluke, amakukweza mapiri, thukuta limatuluka mpaka thupi kuuma madzi. Thupi likauma, magazi amachepa, thumba lija limaphwa, ndipo pa nthawi yomweyo mtima ukugunda mothamanga. Matenda amenewa sagogoda pachitseko. Amatenga amphamvu, amene aliyense amati uyu ndi chitsulo. Mwana amagwa pakati pa bwalo anthu akuwomba m'manja. Ine ndinaonapo makolo akubwera kudzatenga nsapato zokha. Ukandida lero, undide, bola uzindida uli moyo. Ndipo usadzayesenso kumanga mpweya choncho, kaya ndi masewera, kaya ukunyamula chidebe. Ukamanyamula cholemera, uzitulutsa mpweya."

Dokotala anamuyang'anitsitsa.

"Tsopano undiyankhenso, koma zoona. Bambo ndi mayi ali moyo?"

"Amayi okha."

"Bambo anadwala chiyani?"

"Sanadwale. Anagwa ali pantchito, atanyamula thumba la simenti."

"Anali achikulire?"

"Ayi. Analibe ndi imvi zomwe."

Dokotala anatseka maso kanthawi.

"Vuto limene ndikulikayikirali limayenda m'magazi a banja. Kholo likakhala nalo, mwana aliyense akhoza kulitengera, akhozanso osalitengera. Uli ndi abale a bere limodzi?"

"Mng'ono wanga mmodzi."

"Ukabwere naye, pamodzi ndi amayi ako. Usakachedwe, ndipo usakawabisire kanthu. Zobisa zakwana."

Namzeze atatuluka, ana onse a pamzere anamucheukira. Dokotala anaitana akochi, nalankhula nawo motsitsa mawu. Akochi anavula kapu, napukuta pamphumi, osatha kumuyang'ana Namzeze m'maso. Kenako anatembenukira kubenchi kuja nakodola ndi dzanja. Mtsikana wachiwiri uja anaimirira. Anayesetsa kubisa chimwemwe, koma miyendo inamuulula, inkachita kudumpha yokha.

Profesa anamuthamangira Namzeze pageti, magalasi ali pamphuno.

"Zatheka? Unakankha bwino? Mwina sunakankhe mokwanira."

Namzeze anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ukagule bandulo, Profesa. Ukamalize kuonera."

6. Jekete

Njira ya kunyumba, imene masiku onse ankaidutsa chothamanga, anaiyenda ngati nkhalamba. Anadutsa pa okonza njinga, pa ometa tsitsi, pa ogulitsa makala, ndipo paliponse ankamukuwira.

"Namzeze! Lero mapiko wawasiya kuti?"

"Upita liti kusukulu ya akatswiri? Usadzatiiwale!"

Iye anangopitirira. Mkwiyo unamugwira. Anakwiyira Profesa ndi foni ya achimwene ake, anakwiyira dokotala ndi thumba lake, anakwiyira ngakhale bambo ake omwe, amene anamusiyira miyendo yaliwiro pamodzi ndi mtima wotere. Koma amene anamukwiyira kwambiri anali mwini wake. Akuluakulu amati mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi, ndipo amayi ake ananena m'mawa womwewo, mawu asanazizire n'komwe.

Atakhotera mumsewu wa kwawo anamva phokoso la ana. Anali atajambula mzere pafumbi pafupi ndi geti, ndipo gulu la ana linkabwera chothamanga kuchokera kumpopi. Patsogolo pa onse, kutali ndithu, panali Mzime. Anali atavalanso nsapato zija, atazithina ndi zingwe kuti zisavuke, zigongono zili m'mbali monga amachitira mkulu wake.

Anadutsa pamzere, nakuwa ndi chimwemwe. Kenako ananjuta, manja pamawondo.

Namzeze anafika pomwepo.

"Achemwali, mwandiona? Ndawasiya onse, ndi anyamata omwe!"

"Ukunjutiranji?"

"Ndikupuma."

"Dzuka apo. Chilichonse kutengera ine basi? Kunjutanso n'kotengera?"

Mzime anaseka, akupumira m'mwamba.

"Sindikutengera ayi. Ndikaima m'maso mumada, makutu n'kumalira. Ndikanjuta zimachoka msanga." Anamuyang'ana mkulu wake modabwa. "Si mmene zimakhalira kwa othamanga onse? Inunso si n'chifukwa chake mumanjuta?"

Namzeze anadzidzimuka. Mwanayu wakhala akuona mdima kuyambira liti? Ndipo Mzime sanauze munthu chifukwa ankaona achemwali ake, katswiri wa tauni yonse, akunjuta tsiku ndi tsiku osadandaula.

"Tiyeni tibwerezenso!" anakuwa mwana wina. "Mzime, bwera, ulendo uno sutipambana!"

Mzime anadzuka kuti athamangire kumpopi. Namzeze anamugwira pamkono mwamphamvu, mpaka mwanayo anakuwa.

"Mukundipweteka, achemwali! Ndalakwa chiyani?"

"Vula nsapatozo."

"Ndikubwezerani, ndingothamangako kamodzi kokha."

"Ndati vula!"

Mzime anavula akulira, ana ena n'kumaseka kuti mkulu wake ndi womana. Namzeze anatola nsapatozo ndi dzanja limodzi, linalo osamusiya mng'ono wake, nalowa naye pageti.

M'nyumba makina anali atasiya kulira. Amayi anatulukira pakhomo, ulusi uli pamapewa, atanyamula jekete yobiriwira ija m'mwamba ndi manja awiri. Anakoka zipi kuyambira pansi mpaka pakhosi kuti ana awo aone mmene ikuyendera.

"Yatha, mwanawe! Bwera udzayese," anatero akumwetulira.

Kenako anaona nkhope ya Namzeze, anaona misozi ya Mzime, anaona nsapato zili m'manja. Jekete inatsika pang'onopang'ono.

"Adokotala ati bwanji?"

Namzeze anakoka mpweya wautali, ulendo uno osaumanga.

"Amayi, khalani pansi. Si za ine ndekha."